Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Chitini cha Pansi pa Bedi

M'gawo lapita ndinakusiyani pa Nyamapanda, pa malire a Zimbabwe ndi Mozambique, pomwe ndinagona m'basi masiku awiri chifukwa cha mapepala. Lero ndilumpha zaka zingapo kufika mu 2022, koma kuti mumve bwino ndiyenera kuyamba ndabwerera kwa malemu bambo anga.

Iwo anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nakwera malole a Ulere omwe ankatuta anthu a ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno, mzinda uno wa Harare ukutchedwabe Salisbury. Anaphika m'makhitchini a azungu zaka zambiri, kenako anapeza nyumba ku Mufakose komwe ine ndinabadwira mu 1963. Anali munthu waukhondo kwambiri, wosita ngakhale kampango kopukutira thukuta. Ndiye mutha kumvetsa mmene zinawawawira atakalamba, pamene pansi pa bedi lawo panayamba kukhala chitini cha penti.

Chimbudzi chinali panja. Usiku umodzi ankadzuka kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndipo mu June kunja kuno kumazizira mosaseka. Mayi ndiwo anabweretsa chitinicho. M'bandakucha, anansi asanayambe kusesa, ankachinyamula atachiphimba ndi chitenje n'kukakhuthula. M'nyumba monse tinkadziwa, koma panalibe wotchula. Ine ndinkagona pabalaza ndikabwera ku ulendo, ndipo ndinkamva kudontha kwake: to, to, to, kenako zii, kenako bambo kupuma mwamphamvu ngati munthu wosenza thumba la chimanga.

Anthu sanasowe chonena. Ena a kwathu ankati mkuluyo anaponda mankhwala pakhomo pa mnzake wa nsanje. Anansi athu Achishona ankanong'ona za runyoka, mankhwala amene amati mwamuna amatchera mkazi wake kuti wom'bera adwale. Bodza limeneli linawabaya kwambiri mayi, chifukwa linkatanthauza kuti bambo anali woyendayenda. Tinapita nawo kwa asing'anga atatu, mmodzi mpaka ku Epworth. Kuchipatala tinafika nawo mu 1996 miyendo itatupa kale, akuchita ntchilikwi usana ndi usiku. Anatiuza kuti impso zatopa. Sanathe mwezi.

Ine ndayendetsa mabasi a pakati pa Harare ndi Blantyre zaka zoposa makumi awiri. Njira ndimaidziwa ngati chikhatho changa: Murehwa, Mutoko, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukwera mpaka Zobue, kenako Mwanza. Dalaivala wa ulendo wautali amanyadira zinthu ziwiri, maso osagona ndi chikhodzodzo cholimba. Cha m'ma 2019 chachiwiricho chinayamba kundigalukira. Ndinkaimika basi pathengo n'kunamizira kuona matayala. Ndikazungulira kuseri ndinkaima nthawi yaitali, madzi osabwera, kenako n'kutuluka mwaulesi mpaka kunyowetsa nsonga za nsapato. Ndikakhala pa chiwongolero, patangopita makilomita ochepa, ndinkamvanso ngati sindinataye kanthu. Kondakitala wanga, mnyamata wa nthabwala, tsiku lina anati, "Madala, matayala a ulendo uno akuvuta bwanji!" Apaulendo anaseka. Inenso ndinaseka, koma mumtima ndinaona chitini chija.

Sindinauze munthu. Ndinkatafuna gondolosi wogula ku Blantyre, ndikumamwa ufa wina wofiira wa ku Mbare Musika womwe wogulitsa analumbira kuti umatsuka njira zonse. Ndalama zinapita, vuto linatsala.

Tsiku lake linafika mu June 2022. Kunagwa maliro a mkulu wina wa m'bungwe lathu la maliro ku Mufakose, ndipo amuna tinachezera panja pamoto. Ndinali ndi chimfine, choncho ndinali nditamwa mapiritsi otsegula mphuno. Tiyi ankangobwera m'ketulo yaikulu, ndipo kuseri kwa mpanda kunkayenda Chibuku. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinapita kukataya madzi. Palibe. Ndinabwerera pamoto, n'kupitanso. Palibe ngakhale dontho. Pofika 4 koloko m'munsi mwa mchombo munali gwa ngati mpira wopopa, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonse chija. Amayi m'nyumba ankaimba nyimbo za maliro, ine nditagwira khoma la chimbudzi cha eni ake, ndikulira ngati kamwana.

Anandipeza ndi mayi a kunyumba kwanga. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Bambo, za apongozi anga zija sizichitikanso m'nyumba mwanga. Tiyeni." Kani ankadziwa zonse, ankawerenga maulendo anga a usiku ali chigonere.

Kuchipatala namwino anandiika kapaipi. Za manyazi ndisanene, koma mpumulo umene ndinaumva thumba lija likudzadza sindinaumvepo chibadwire. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, ankandiitana kuti sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona. Anandipima ndi chala chovala gulovu kudzera kumbuyo, zomwe amuna ambiri amathawira chipatala, koma zinatha ndisanamalize n'komwe kuchita manyazi. Kenako anajambula papepala chikhodzodzo, pansi pake kanthu kozungulira, n'kunena kuti iyi ndi prostate.

Mwamuna aliyense ali nayo. Mwa mnyamata imakhala yaikulu ngati suku limodzi, magalamu 20 kapena kuposerako pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Tsoka lake ndi malo amene inakhala: njira ya mkodzo imadutsa pakati pake penipeni. Ikakula imafinya njirayo, ngati mwana waponda paipi yothirira m'dimba. Chikhodzodzo chimakankha mwamphamvu zaka ndi zaka mpaka kutopa, mkodzo n'kumatsalira, ndipo ukatsalira wambiri umabwerera m'mwamba kukawononga impso. Atafika pa mawu amenewo ndinasiya kumva zina zonse. Bambo anga sanalodzedwe. Sanaberenso mkazi wa munthu.

Ndinafunsa chimene chimaikulitsa, ndipo yankho lake ndi limene landichititsa kulemba gawo lino. Ndi mahomoni athu omwe, aja amatimeretsa ndevu. Testosterone ikafika mu prostate imakumana ndi kanthu kotchedwa 5-alpha reductase, komwe kamaisandutsa homoni ina yamphamvu kwambiri, DHT. Ine ndimakayerekeza ndi chigayo: chimanga chimalowa, ufa umatuluka, ndipo prostate imadya ufawo n'kumanenepa. DHT yomweyo ndi imene imabweretsa dazi mwa amuna a mtundu wa dazi. Chodabwitsa n'chakuti munthu akamakula testosterone imachepa m'magazi pang'onopang'ono, koma chigayo cha mu prostate sichiima. Kuwonjezera apo, mwamuna alinso ndi estrogen, homoni imene timaiganizira amayi okha, ndipo mafuta a pamimba amasandutsa testosterone kukhala estrogen. Madokotala amaona kuti kusintha kwa muyezo wa ziwirizi, pamodzi ndi kunenepa ndi matenda a shuga, kumayenda limodzi ndi kukula kwa prostate. Ndinayang'ana mimba yanga ya sadza ndi nyama yootcha ya m'njira, n'kukhala chete.

Ife a kumudzi tinkadziwa kale mbali ina ya nkhaniyi osazindikira. Tonde ndi mbuzi yofula zimasiyana fungo, khosi ndi khalidwe. Kwa anthunso n'chimodzimodzi: amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu, monga ankachitira m'nyumba za mafumu akale, prostate yawo sikula. Pambuyo pake mwana wanga wamkazi anandiwerengera pafoni nkhani ya mudzi wina ku Dominican Republic, komwe dokotala Julianne Imperato-McGinley anafufuza ana aamuna obadwa opanda chigayo chija. Anafalitsa zimene anapeza mu 1974, ndipo anthu amenewo atakula prostate yawo inakhalabe yaing'ono. Nzeru imeneyo ndi imene inabala mankhwala a finasteride, omwe analoledwa ku America mu 1992. Chaka chimenecho bambo anga anali moyo, akumwa mizu ya ku Epworth.

Pa amuna a zaka za m'ma 50, pafupifupi theka amakhala prostate itayamba kale kukula, ndipo opitirira zaka 80 ndi pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi alionse, ngakhale si onse amavutika nayo. Kukula kumeneku si khansa ndipo sikusanduka khansa. Koma ziwirizi zimatha kukhala mwa munthu mmodzi, ndipo kuno ku Zimbabwe khansa ya prostate ndi imene ikutsogola pa khansa za amuna. N'chifukwa chake anandiyezanso magazi, kuyeza kotchedwa PSA kofufuza zizindikiro za khansayo. Zinatuluka bwino.

Kapaipi anakachotsa patapita masiku ochepa. Anandipatsa tamsulosin womasula minofu ya pakhosi pa chikhodzodzo, yemwe masiku oyamba ankandichititsa chizungulire ndikadzuka mofulumira, moti ndinapempha tchuthi. Finasteride anandichenjezeratu kuti amachedwa, miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso kuti kwa ena amachepetsa chilakolako cha m'banja. Za mbali imeneyo akuuzeni ndi mayi a kunyumba, ine ndadutsa.

Ambiri mukandiona mumafunsa za njira zachilengedwe, ndiye ndinene zimene ndaona. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi chosagula. Ndinasiya khofi ndi zakumwa zothamangitsa tulo zomwe madalaivala timadalira, chifukwa zimatakasa chikhodzodzo. Madzi ndimamwa okwanira masana, koma dzuwa likalowa ndimangonyowetsa kukhosi. Mowa wa usiku ndinausiya. Ndikataya madzi ndimadikira kamphindi n'kuyesanso, ndipo kunyumba ndimachita nditakhala pansi, zomwe poyamba ndinkaziona ngati kutsika pa umuna. Mapiritsi a chimfine sindimwa ndisanafunse, popeza dokotala anandiuza kuti otsegula mphuno aja amamanga njira ya mkodzo, ndipo usiku wa maliro uja iwowo, chisanu ndi Chibuku anagwirizana zondigwetsa. Kudzimbidwanso kumawonjezera vuto, ndiye nkhwani, chisoso, therere ndi nyemba zinabwerera pa mbale yanga, ndipo ufa woyera ndinausinthanitsa ndi mgaiwa. M'mawa uliwonse ndikakhala kuno ndimayenda wapansi mphindi makumi anayi. Lamba ndabweza maboo atatu.

Nthanga za maungu zokazinga ndimadya, ndimazikonda kuyambira ubwana, ndipo ofufuza ena anapeza kuti zimachepetsako zizindikiro pang'ono. Makungwa a mtengo wa Prunus africana, womwe umamera m'nkhalango za m'mapiri a mu Africa muno, azungu akhala akuwagula n'kupangira mapiritsi a vuto lomweli, mpaka mtengowo unaikidwa pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera, mu 1995 kuti usathe. Nawonso amati amathandizako, koma mabotolo a pamsika simudziwa chimene mwathiridwa. Saw palmetto, mankhwala a zitsamba omwe mlamu wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg pa mtengo woboola m'thumba, anayesedwa bwinobwino ku America kawiri, zotsatira zinatuluka mu 2006 ndi 2011, ndipo sanapose piritsi lopanda mankhwala. Botolo lake lilipo pawindo, muli mabatani.

Tsopano ndimadzuka kamodzi usiku, nthawi zina osadzuka n'komwe. Kuchoka pa Tete ndimakafika pa Zobue osaona matayala.

Mwezi wa August 2022 ndinapita kukaona mayi ku Mufakose. Maso awo achita khungu koma mutu uli bwinobwino. Ndinakhala pamphasa n'kuwafotokozera zonse, za suku, za paipi, za chigayo, m'Chichewa cha ku Dedza chimene amamva. Anakhala chete nthawi yaitali akupotokola ngodya ya chitenje. Kenako anati, "Ndiye kuti bambo ako sanandinamize."

Ndinati ayi, amayi, sanakunamizeni.

Anandituma kuti ndikaitane mayi wa nyumba yachitatu, yekhayo wotsala mwa anansi a nthawi ija, kuti ndidzabwereze zonse iye akumva. Ndinabwereza, ulendo uno m'Chishona.