Mmene ndinakonzera ulendo wa ku Gold Reef City nthawi ya mvula

Abale akabwera kudzacheza ku Johannesburg mu Disembala, ana amakhala atamva kale za Gold Reef City, paki ya zisangalalo yokhala ndi zokwera, ndipo sakupatsa mpata mpaka uwatengereko. Koma Disembala ndi pakati pa dzinja. Kuno mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo imabwera ndi mphenzi, nthawi zina ndi matalala omwe. Mlongo wanga atabwera ndi ana ake, ntchito yokonza ulendo inagwera ine.

Ndinadalira khalidwe la mvula ya kuno. Mzindawu uli pamalo okwera, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja. Masiku ambiri a dzinja kumacha bwinobwino. Nthaka ikatentha, mitambo imayamba kusonkhana chakumasana, kenako cha m'ma 2 kapena 3 koloko kumada bii, mphepo n'kuyamba, chimvula n'kutsika. Kawirikawiri sichikhalitsa. Choncho sindinalimbane n'kufuna tsiku lopandiratu mvula, poti tsiku lotero mu Disembala mungalidikire mpaka alendo atabwerera kwawo. Ndinafuna tsiku loti mabingu akuyembekezeka madzulo. Limene ndinkalipewa ndi la mvumbi, mvula yoyamba m'mamawa n'kuswera tsiku lonse.

Ndinkaona za nyengo kwa a South African Weather Service. Machenjezo awo ali ndi manambala kuyambira 1 mpaka 10, komanso mitundu itatu: yachikasu, ya olenji ndi yofiira. Tinagwirizana ndi mlongo wanga kuti likatuluka chenjezo la olenji kapena lofiira ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, ulendo wasintha tsiku, ana alire asalire. N'chifukwa chake matikiti sindinagule msanga. Ndinadikira mpaka tsiku litayandikira, ndipo ndisanalipire ndinawerenga pa webusaiti ya pakiyi masiku amene amatsegula komanso zimene amanena zokwera zikaimitsidwa chifukwa cha nyengo. Muwerenge nokha zimenezi, pakuti zimasintha.

M'chikwama ndinaikamo majekete a mvula a pulasitiki, zovala zosinthira za ana, ndi timajumbo tosungiramo mafoni. Ambulera ndinasiya. Pagulu amasokoneza, ndipo mphepo ya kuno imawatembenuza.

Nkhani yonse yagona pa ndondomeko ya tsikulo. Tinafika ku Ormonde, dera limene kuli pakiyi, geti lisanatsegulidwe, ndipo titalowa tinalunjika ku zokwera zazitali zachitsulo: Anaconda, Tower of Terror ndi Golden Loop. Zimenezi ndi zimene zimayamba kuimitsidwa mphenzi zikayandikira, ndipo zikatsegulidwanso mzere wake umakhala wautali chifukwa aliyense amathamangira komweko. Ana amayesedwa kaye msinkhu, ndiye wamng'ono anapita ndi mayi ake ku zokwera za ana. Zamadzi tinakwera dzuwa likuswa mtengo kuti zovala ziumire m'thupi. Tinadyanso msanga, malo odyera asanadzaze ndi anthu othawa mvula.

Zamkati ndinazisungira masana. Pakiyi inamangidwa pa mgodi wakale wa Crown Mines, pa shafuti (dzenje lotsikira mumgodi) nambala 14, ndipo munthu amatha kutsikira pansi atavala chipewa cholimba, n'kuonanso mmene amathirira golide wosungunula. M'mawa womwe ndinafunsa nthawi ya maulendo a mumgodi kuti tisawaphonye. Kwa ife gawo limeneli si longotayitsa nthawi podikira mvula. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo azigogo ambiri a ku Malawi anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya dziko lino kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Ana atamva mdima ndi kuzizira kwa pansi paja, anayamba kufunsa mafunso amene sanafunsepo kunyumba.

Titatuluka, kumwamba kunali kutada. Ana ndinali nditawaphunzitsa kale kuwerenga: chiphaliwali chikang'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka mutamva bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Akachepera 30, lowani m'nyumba yeniyeni ya makoma ndi denga. Pansi pa mtengo ayi, pakakhumbi kotseguka m'mbali ayinso. Mukatero dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Ogwira ntchito akatseka chokwera, ndikupemphani musakangane nawo. Ndimamvetsa kuwawa kwa ndalama ya tikiti, koma mphenzi za kuno zimapha anthu chaka chilichonse, ndipo munthu amene watsekayo akuteteza mwana wanu.

Mvula itakata, anthu ambiri anali atapita kale, ndipo tinakwera zingapo popanda kuima nthawi yaitali. Kunyamuka mvula ili pakati sindikulimbikitsa: madzi amadzaza m'malo otsika a misewu, ndipo matalala amaphwanya magalasi a galimoto. Ikakana kukata, Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya ulamuliro wa tsankho imene inatsegulidwa mu 2001, ili pafupi pomwepo, ngakhale imayenera akuluakulu ndi ana osinkhukirapo.

Ngati abale anu angathe kubwera mu Juni kapena Julayi, mvula siidzakhala nkhani chifukwa miyezi imeneyo kumakhala kouma. Angotenga majuzi olemera, poti m'mawa kumazizira kwambiri, ndipo zokwera zamadzi azikwere masana okha.