Sabata yowerengera mankhwala a mliri umene sunabwere

Lolemba anandipatsa fayilo yokhala ndi funso limodzi. Makapisozi a oseltamivir, mankhwala olimbana ndi kachilombo ka chimfine, amene tinasunga pokonzekera mliri wa chimfine atsala pang'ono kutha mphamvu. Kodi tigule ena, kapena ndalamazo zikagwire ntchito ina? Ntchito yanga ndi ya zamankhwala, ndipo komiti yokonzekera miliri imafuna yankho pofika Lachisanu.

Chovuta n'chakuti tikugulira matenda osadziwika tsiku lake. Miliri ya chimfine inabuka mu 1918, 1957, 1968 ndi 2009. Kuchokera 1968 kufika 2009 panadutsa zaka 41, pomwe nthawi yolembedwa pabokosi la makapisoziwa siposa zaka 10. Ndiye kuti mukhoza kugula n'kutaya kanayi konse, mliri osaoneka. Komabe chifukwa chosungira chilipo, ndipo n'chomveka: katemera wa kachilombo katsopano amatenga miyezi pafupifupi 6 kuti apangidwe, ndipo m'miyezi imeneyo anthu amakhala akudwala kale.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinatsekera chitseko n'kumawerenga kafukufuku awiri amene anatuluka mu 2014, koma onena zosiyana. Woyamba ndi wa bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane, lomwe linalimbana kwa zaka zingapo kuti kampani ya Roche, yopanga Tamiflu (dzina lamalonda la oseltamivir), itulutse malipoti onse a kuyesa mankhwalawa. Atawaona, anapeza kuti kwa akuluakulu mankhwalawa amafupikitsa matenda ndi maola pafupifupi 17, kuchoka pa masiku 7 kufika 6.3, ndipo ena amachita nawo nseru ndi kusanza. Umboni woti amachepetsa ogonekedwa m'chipatala sanaupeze. Apa n'kuti Britain itawononga kale mapaundi 424 miliyoni posunga Tamiflu.

Wachiwiri unatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet Respiratory Medicine. Unaona odwala oposa 29,000 amene anagonekedwa m'zipatala pa mliri wa chimfine cha mtundu wa H1N1 wa 2009, n'kupeza kuti imfa zinachepa ndi 19 peresenti mwa olandira mankhwala amtunduwu. Kwa amene anayamba kumwa pasanathe masiku awiri chidwalireni, zinachepa ndi theka poyerekeza ndi osamwa. Ndalama zake zinachokera ku Roche, komanso unali wongoona zolemba za m'zipatala, osati woyesa magulu awiri osankhidwa mwamaere, choncho sungamezedwe wonse. Koma kuutaya sindinafune, chifukwa awiriwa sanayang'ane anthu amodzi. Ambiri mwa anthu a mu kafukufuku wa Cochrane anali athanzi, odwala chimfine cha chaka ndi chaka. Enawa anali odwala kwambiri, ena akulephera kupuma. Mu 2017 bungwe la WHO linatsitsa oseltamivir pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, n'kunena kuti azipatsidwa kwa odwala kwambiri m'chipatala. Ine ndinaona kuti nzeru ili pamenepo.

Lachinayi ndinapita kunkhokwe. Ndinatsegula katoni imodzi, n'kutenga kabokosi: makapisozi 10 a 75 mg, kawiri pa tsiku kwa masiku asanu, munthu mmodzi. Makatoni anali osanjikizana bwino mpaka kudenga, onse deti yake imodzi, kutanthauza kuti adzatayidwanso tsiku limodzi. Ndinali ndi namwino wamkulu amene wagwira ntchito m'wodi zaka zambiri. Anagwira kabokosiko nati, "Bambo, odwala chifuwa amatipeza tsiku lachinayi kapena lachisanu, atayesa kaye zina kunyumba. Maola 48 anuwo adzawapeza kuti?"

Mawu amenewo anasintha masamu anga onse. Pakompyuta ndinali nditawerengera ngati aliyense adzamwa nthawi yake. Nditachepetsa chiwerengero cha ofika msanga, mtengo wopulumutsira moyo umodzi unakwera kwambiri. Ndinawonjezeranso chinthu chimene malipoti ambiri amachidumpha: kachilombo kamatha kusiya kumva mankhwala. M'nyengo ya 2008 mpaka 2009, pafupifupi H1N1 yense wa chaka ndi chaka sankamvanso oseltamivir, ndipo amantadine, mankhwala akale a chimfine, anasiyidwa kale pa chifukwa chomwecho. Kuika ndalama zonse pa mankhwala amodzi kuli ngati kudzala mbewu imodzi m'munda monse. Mankhwala ena a chimfine alipo, monga zanamivir komanso baloxavir (wachiwiriyu analoledwa mu 2018), koma woyambayo ndi wopumira ndipo savomerezeka kwa a mphumu.

Lachisanu ndinauza komiti kuti tigule, koma ochepa: okwanira ogonekedwa, amayi oyembekezera, okalamba, a matenda a mtima ndi mapapo, ndi ogwira ntchito m'zipatala. Tizigula m'zigawo kuti asathe mphamvu pamodzi, ndipo oyandikira deti azipita kwa odwala chimfine cha chaka chilichonse. Ndalama zotsala zipite ku zipangizo zoyezera, okosijeni, maantibayotiki a chibayo, ndi kufikitsa mankhwalawo m'zipatala zazing'ono mliri usanayambe.

Dokotala wina anatsutsa mwamphamvu. Anakumbutsa kuti H5N1, kachilombo ka chimfine cha mbalame, inapezeka m'ng'ombe za mkaka ku United States mu March 2024, ndipo mliri ukayamba, mayiko olemera amagula zonse, otsalafe n'kudikira pamzere. Ananena zoona, ndipo ndinavomera kuti tiwerengerenso ndi mliri woopsa ngati wa 1918. Komiti yandipatsa mpaka Lachitatu likubwerali.