Sabata yofananitsa ma controller awiri

Lolemba m'mawa ndinalandira dandaulo loti usiku wa Loweruka, pamene controller yoyamba (makina amene amayang'anira Wi-Fi yonse) inazima kwa kanthawi, anthu ena analephera kulowa pa Wi-Fi ngakhale kuti ma access point onse (timabokosi timene timafalitsa Wi-Fi) anasamukira bwinobwino ku controller yachiwiri. Makina athu awiriwa analumikizidwa m'njira yotchedwa N+1, imene yachiwiri imangodikirira kuti inzake ikafooka ilandire ntchito, koma siziuzana zokha zimene zasinthidwa monga zimachitira zikakhala pa njira ina yolumikizira yotchedwa SSO. Chilichonse chimene munthu wasintha pa imodzi ayenera kukachisinthanso pa inayo, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kukayikira.

Lachiwiri ndinatsegula mafayilo a backup amene pulogalamu yathu imakoka usiku uliwonse. Analipo onse, aliyense ndi deti lake, moti poyamba mtima unakhala m'malo. Nditawerenga mkati ndinazindikira kuti pulogalamuyo inkakopera startup-config yokha (makonzedwe osungidwa amene makina amayambira akayatsidwa), pomwe zosintha zina za mwezi watha zinali zikadali mu running-config (makonzedwe amene akugwira ntchito panthawiyo, omwe amafufutika makina akazima) chifukwa amene anazichita sanazisunge ndi lamulo la write memory. Controller yoyamba itazima zosinthazo zinapita, ndipo mafayilo athu analibe chotithandiza. Sindingaloze chala mnzanga, pakuti nanenso ndinaiwalapo lamuloli kangapo. Tsiku lomwelo ndinaisiyitsa pulogalamuyo kugwiritsa ntchito TFTP, njira yotumizira mafayilo popanda kubisa kanthu, n'kuiika pa SFTP, yomwe imabisa zimene ikutumiza, popeza m'mafayilomo mumakhala mawu achinsinsi a RADIUS, seva imene imatsimikizira anthu olowa pa netiweki.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu. Ndinaika makonzedwe a makina onse awiri mu Git (pulogalamu yosunga ndi kuyerekeza mafayilo) n'kuwayerekeza mzere ndi mzere, ndipo mizere yofiira inadzaza sikirini. Kusiyana kwina kunali koyenera, monga dzina la makina, IP adilesi ndi satifiketi, n'chifukwa chake munthu sangangotenga fayilo ya uku n'kuiponya uko. Koma pakati pa zimenezi panabisala zinthu ziwiri zimene zinatipweteka: SSID (dzina la netiweki ya Wi-Fi) ya alendo inali pa VLAN (chigawo cha netiweki) 40 ku yoyamba ndi pa VLAN 30 ku yachiwiri, ndipo mawu achinsinsi a RADIUS ku yachiwiri anali akale. Ogwira ntchito amene amalowa kudzera pa 802.1X, njira imene imadalira RADIUS, ankakanidwa pa chifukwa chimenechi. Ndinalekanitsa zimene ziyenera kufanana ndi zimene zili za makina amodzi, kuti pulogalamu izitichenjeza pa zoyenera kufananazo zokha.

Lachinayi linathera m'misonkhano yopempha chilolezo choyesa, kupatulapo kukonza NTP (njira yofananitsira nthawi pa makina), chifukwa mawotchi a makina awiriwa ankasiyana ndi mphindi zingapo ndipo ma log (zimene makina amalemba za zochitika) sankatsatirika.

Lachisanu usiku, anthu ataweruka, tinazimitsa dala controller yoyamba. Ndinaima pansi pa access point ya m'khonde, laputopu ili m'manja, ndikuyang'ana kagetsi kake kakuthwanima pamene inkafunafuna controller yachiwiri pa CAPWAP, njira imene access point imalankhulirana ndi controller. Kagetsi katakhazikika laputopu inalowa, foni ya mnzanga inapeza adilesi ya pa VLAN 40, ndipo tinayatsanso yoyamba. Chimene sitinafikepo ndi kubwezeretsa fayilo ya backup pa controller yopanda kanthu, ndipo ndachilemba pa ntchito za Lachiwiri likubwerali.