Kumanga gulu lankhondo la Empire la mapointi 1000 mu Warhammer: The Old World

Gulu latsopano ndimaliyambira pa pepala, ndisanagule bokosi ngakhale limodzi. Tizidole ta masewerowa n'todula, ndipo malamulo ake salola kuti munthu angotola chilichonse chamusangalatsa n'kuchiika patebulo. Ukagula mosatsata ndondomeko umapezeka uli ndi akuluakulu ankhondo anayi ndi mizinga itatu, koma asilikali wamba oti gululo livomerezeke palibe.

Masewerowa, amene anthu amamenyanitsa magulu ankhondo a tizidole patebulo, ndi a kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, ku England. Anayamba mu 1983 ndi dzina loti Warhammer Fantasy Battle, anasiyidwa mu 2015, kenako mu Januwale 2024 anabwereranso ngati The Old World. Kuwonjezera pa buku lalikulu la malamulo, pamafunika buku limene muli mndandanda wa gulu lako. Empire, ufumu wa anthu m'masewerowa, ili m'buku la Forces of Fantasy pamodzi ndi Bretonnia, ma Dwarf, ma High Elf ndi ma Wood Elf. Ofuna ma Orc, Tomb Kings, Beastmen kapena Warriors of Chaos amagula Ravening Hordes. Ndisanalembe nambala iliyonse ndimaona kaye pa intaneti zimene kampaniyo yakonza posachedwa, chifukwa malamulo ena amasintha bukulo litasindikizidwa kale.

Kadole kalikonse kali ndi mtengo wake wa mapointi, ndipo masewero ambiri amakhala a mapointi 2000, patebulo la mainchesi 72 m'litali ndi 48 m'lifupi. Ine ndimayamba ndi 1000, chifukwa ndi tizidole toti munthu angathe kutipenta asanagwe ulesi. Mapointiwo amagawidwa chonchi: atsogoleri asapitirire theka, kutanthauza 500. Magulu a asilikali wamba otchedwa Core asachepere gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye 250. A Special, magulu apadera monga mizinga, asapitirire 500, a Rare, magulu osowa kwambiri, asapitirire 250. Pa magawo anayiwa lamulo lokakamiza ndi la Core lokhalo, enawo ndi malire chabe, choncho pepala langa limayamba ndi Core.

Pa Empire ndimalemba gulu limodzi lalikulu la State Troops (asilikali wamba oyenda pansi), kagulu ka amfuti kapena amauta komaliteteza m'mbali, ndi asilikali apakavalo asanu. Zimenezi ndimazipatsa mapointi pafupifupi 400. Atsogoleri ndimawasiyira pafupifupi 300: mkulu wankhondo mmodzi ndi wamatsenga mmodzi. Otsalawo amapita ku mzinga umodzi, ndipo ngati alipobe, ku gulu la Greatswords, asilikali a malupanga aakulu. Steam Tank, galimoto yankhondo yoyendera nthunzi, n'njokongola zedi, koma pa 1000 mapointi ake amapitirira malire a Rare aja a 250. Imeneyo ndimaisungira tsiku lokulitsa gulu.

Kukula kwa gulu la oyenda pansi ndimakuwerengera ndithu. Pomenyana, mizere ya kumbuyo imawonjezera mphamvu pa zotsatira za nkhondo. Kwa asilikali wamba oyenda pansi mzere umawerengedwa ukakhala ndi anthu osachepera asanu, ndipo mizere yowonjezera imene imawerengedwa ndi iwiri, koma kwa State Troops ndi itatu. Ndiye kuti anthu 20, asanu kutsogolo ndi mizere itatu kumbuyo, akwanitsa kale zonse. Vuto n'lakuti mmodzi yekha akalasidwa ndi muvi, mzere wachinayi wafa. N'chifukwa chake ndimamanga 25, kuti adani athe kupha asanu ine ndisanataye kanthu. Mwa 25 amenewa atatu amakhala apadera: wonyamula mbendera, woimba ng'oma ndi mtsogoleri wa gululo. Mbendera nayo imawonjezera pa zotsatira za nkhondo, choncho sindiisiya.

Pepala likatha ndimagula tizidole ta State Troops tokha, zina zonse zidikire. Kwa amene tikuitanitsa kuchokera ku South Africa kapena ku Britain pali chinthu chimodzi choti tidziwiretu: zitini za penti wopopera sazilola kutumizidwa pandege, chifukwa zimatha kuphulika kapena kuyaka. Tizidole, timabotolo ta penti ndi maburashi zimabwera bwinobwino, koma primer (penti woyamba wapansi) wopopera ayi. Pali njira ziwiri. Ina ndi kuitanitsa primer wa m'botolo wopaka ndi burashi. Ina ndi kugula wopopera kushopu ya zipangizo zomangira, koma umuyese kaye pa chidutswa cha pulasitiki chotsala, poti ena ali ndi mankhwala amene amasungunula pulasitiki kapena amakhala onata osauma.

Zida zogwirira ntchito si zambiri: kapulayala kodulira kokhala ndi mbali imodzi yafulati, kampeni kakuthwa, guluu wa pulasitiki, supaguluu, ndi guluu woyera wa matabwa. Ziwalo za tizidole zimabwera zili pa chimango cha pulasitiki chimene amati sprue. Podula ndimalozetsa mbali yafulati ya kapulayala ku chiwalocho, ndipo ndimasiya kachitsa kakang'ono kuti ndikachotse ndi mpeni. Ukadulira pafupi kwambiri pulasitiki amang'ambika n'kusiya dzenje paphewa kapena pachisoti. Mikondo ndi malupanga ndimayamba kudula kumbali yopyapyala, apo ayi zimapindika n'kuthyoka. Chiwalo chilichonse chimakhala ndi kamzere kopyapyala pamene zikombole ziwiri zinakumana. Kamzereko ndimakapala ndi msana wa mpeni. Ndi ntchito yotopetsa ndipo ambiri amaidumpha chifukwa pa pulasitiki wosapenta sikaoneka, koma penti wamadzimadzi akangopitapo kamatulukira ngati chipsera kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Bokosi la State Troops limakupatsa mwayi wosankha malupanga ndi zishango, mikondo, kapena ma halberd, nkhwangwa zamtengo wautali zija. Gulu lonse linyamule chida chimodzi, chimene unalemba pa pepala paja.

Apa tsopano ndi pamene masewero a magulu amizere amasiyana ndi ena onse, ndipo ndi pamene ndimathera nthawi yambiri. Asilikaliwa amaima mothithikana, base (kachipondero kamene kadole kamaimapo) ya wina ikugunda ya mnzake mbali zonse. Kadole kamodzi kangaoneke bwino pakokha, dzanja litatambasuka, lupanga lili m'mwamba, koma ukakaika pamzere chigongono chake chimakankha mnzake ndipo chida cha wakumbuyo chimamulowa m'khosi. Mzerewo sutsekeka. Ndiye sindimata msilikali mmodzi mpaka kumaliza. Ndimamata miyendo ndi matupi a asanu oyamba pa ma base awo, onse pakati penipeni, n'kuwandandalika pamzere. Manja ndimayamba kuwagwiriziza ndi phula lomatira mapepala pakhoma lija, n'kuona ngati onse asanu akukwanirana. Zikatheka ndiye ndimathira guluu. Mzere wachiwiri ndimaumanga uli kumbuyo kwa woyambawo, wachitatu kumbuyo kwa wachiwiri, mpaka onse. Akutsogolo ndimawapatsa zida zoloza kutsogolo popeza kulibe wowatchinga, apakati zida zoloza kumwamba. Amene manja awo atambasuka kwambiri amapita m'mphepete, dzanja lotambasukalo likuloza kunja. Zishango ndimaziyesa malo koma sindizimata, chifukwa zimatchinga chifuwa ndipo burashi singafikeko. Zimapentedwa pazokha n'kumatidwa pomaliza.

Gulu likakwanirana ndimatembenuza kadole kalikonse n'kulemba pansi pa base: A1 mpaka A5 mzere woyamba, B1 mpaka B5 wachiwiri, choncho. Popanda manambalawa, tsiku la masewero umatha nthawi yaitali ukusinthasintha anthu 25 kufuna dongosolo limene linakwanirana lija, mnzako akudikira.

Guluu wa pulasitiki sagwira ngati ulimbo. Amasungunula mbali ziwirizo n'kuziphatikiza kukhala chinthu chimodzi, choncho kadontho kamodzi n'kokwanira. Akachuluka amayenderera n'kufafaniza nkhope, ndipo chala chako chikakhudzapo chimasiya chidindo chosachoka. Pa tizidole ta chitsulo ndi ta resin (mtundu wina wa pulasitiki wolimba) sagwira n'komwe, pamenepo m'pa supaguluu. Ta resin titsukidwe kaye m'madzi ofunda a sopo ndi mswachi wakale, chifukwa timabwera ndi mafuta a m'chikombole amene amakaniza penti. Lupanga la resin likabwera lopindika umaliviika m'madzi otentha, kuliwongola ndi zala, n'kuliviika m'madzi ozizira.

Ogula tizidole takale kwa anthu ena asamale ndi ma base. Kale asilikali a Empire ankaima pa base ya mamilimita 20, koma mu The Old World ndi 25 mbali zonse. Apakavalo anachoka pa 25 ndi 50 kupita pa 30 ndi 60. Ungathe kuchotsa kadole pa base yakale n'kukamata pa yatsopano, kapena kupeza thireyi yokhala ndi mipata imene imakulitsa malo a aliyense. Kukula kumeneku kunathandizanso, chifukwa kukwaniritsa mizere sikuvutanso ngati kale.

Thireyi yoyendetsera gulu ndimapanga ndekha. Asanu a mamilimita 25 ndi 125, mizere isanu ndi 125 kachiwiri. Mkati mwa thireyi ndimawonjezera milimita imodzi kapena awiri mbali iliyonse, popeza penti ndi mchenga zimanenepetsa m'mphepete mwa ma base. Pansi ndimamata lata lopyapyala lachitsulo, ndipo pansi pa base iliyonse maginito a neodymium a mamilimita 5 m'lifupi ndi 2 kuchindikala. Maginitowo asatulukire kupitirira m'mphepete mwa base, kadole kangamagwedere. Onse ndimawalozetsa mbali imodzi. Lata liyesedwe ndi maginito lisanadulidwe, chifukwa la aluminiyamu siligwira. Ndi maginito omwewa gulu limayenda ulendo m'chitini chachitsulo cha mabisiketi osagwa. Chitinicho chisasiyidwe m'galimoto yotseka padzuwa, kutentha kumapinda mikondo.

Primer ndimapopera panja, pamthunzi. Ndimamata tizidole khumi pa kathabwa, kugwedeza chitini mphindi ziwiri zathunthu, n'kupopera pang'onopang'ono ndili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, dzanja likuyenda osaima. Ukayandikira kwambiri penti amadzaza maso ndi timizere ta zovala. Ukatalikira, makamaka masana a mu Okutobala, penti amauma ali m'malere n'kugwera pakadole ngati fumbi, ndipo khungu lake limakhala lokhakhala. Nyengo ya mvula chinyezi chimachitanso zomwezo, ndiye masiku amenewo ndi bwino kupaka wa burashi.

Mtundu wa primer umatsata yunifolomu ya mzinda kapena chigawo cha Empire chimene wasankha. Altdorf amavala zofiira ndi zabuluu, Talabheim zofiira ndi zoyera, Averland zakuda ndi zachikasu, Nuln zakuda. Chikasu ndi choyera sizikwirira primer wakuda, ungapake kasanu zikuonekerabe. Pa mitundu imeneyi ndimayamba ndi primer woyera kapena wotuwa pang'ono. Woyamba kumene ndingamulangize Altdorf, chifukwa kufiira ndi buluu sizivuta.

Kupenta ndimachita asanu kapena khumi nthawi imodzi, mtundu umodzi pa onse ndisanatsegule botolo lina: khungu, kenako nsalu, zikopa ndi mitengo ya zida, pomaliza chitsulo. Pofika kwa wakhumi woyamba uja wauma kale. Penti ndimamusungunula ndi kadontho ka madzi n'kupaka kawiri mopyapyala, chifukwa wochokera m'botolo mwachindunji amasiya mikwasa ya burashi. Zikauma ndimapaka penti wamadzimadzi wolowa m'makwinya, Nuln Oil pachitsulo ndi Agrax Earthshade pazikopa ndi nsalu. Akadikha malo amodzi ndimamuyamwa ndi burashi youma asanaume, apo ayi amasiya banga. Asilikali a mzere wachitatu ndi wachinayi ndimawasiyira pomwepa. Munthu ataima patebulo amaona zisoti, nthenga ndi nsonga za zida zawo basi. Khama lonse limapita kumzere woyamba, kumbendera ndi kwa mkulu wankhondo.

Pa ma base ndimapaka guluu woyera n'kuviika mumchenga wa kumtsinje, wosefa ndi wouma bwino. Ukauma ndimadonthezapo guluu yemweyo wosungunula ndi madzi kuti mchenga usamayoyoke, kenako penti wabulawuni. Mchenga usafike m'mphepete mwa base, ungalepheretse mizere kutsekeka. M'mphepetemo ndimapaka mtundu umodzi gulu lonse, ndipo zimenezi zokha zimachititsa tizidole topentedwa miyezi yosiyana kuoneka ngati gulu limodzi. Chomaliza ndi vanishi wosawala woteteza penti ku zala. Ameneyu ndiye woopsa pa chinyezi, amatha kuyeretsa kadole konse ngati kathiridwa ufa, choncho ndimayesa pa kamodzi kaye n'kudikira kaume.

Gulu loyambali likatha ndi pamene ndimagula bokosi lina, ndipo ndondomeko yake ndi yomweyo mpaka mapointi 1000 akwane. Ndisanakulitse kupita ku 2000 ndimasewera nalo kangapo n'kumalemba kumbuyo kwa pepala lija zimene zachitika: gulu liti linathawa, mbali iti adani anadzera, chiti sichinagwire ntchito masewero onse. Ngati apakavalo a adani akumazungulira n'kumenya gulu lalikulu m'nthiti, chofunika ndi kagulu kena koteteza mbaliyo. Ngati asilikali akumathawa msanga, ndiye kuti mkulu wankhondo akuima patali nawo kapena pakufunika wonyamula mbendera ya gulu lonse, ndipo ameneyo ndi amene ndimalemba poyamba pa mndandanda wa 2000.