Ulusi Womwewo, Nsalu Zosiyana: Pamene Ndafika Pophunzira Mawombedwe

Ntchito imene ndakhala ndikuchita pa chowombera nsalu changa cha patebulo yafika poti ndingathe kulemba zimene ndaona. Cholinga chinali choyala ulusi wathonje wamtundu umodzi, wonenepa mofanana, n'kuwomba nawo zigawo zotsatizana za mawombedwe osiyanasiyana popanda kusintha china chilichonse, kuti kusiyana kulikonse kooneka pansaluyo kukhale kochokera m'mapitidwe a ulusi okha. Ophunzira zosoka ndi zokonza masitayelo a zovala amazolowera kufunsa ngati nsalu ndi yathonje, yasilika, yaubweya wankhosa kapena yapoliyesitala, ndipo funsolo ndi loyenera, koma limangoyankha theka la nkhani. Theka linalo lagona pa kuchuluka kwa nthawi zimene maulusi amapingana, ndiponso pa mtunda umene ulusi uliwonse umayenda pamwamba pa anzake usanamangidwe.

Nsalu yowombedwa ili ndi magulu awiri a ulusi. Gulu loyamba ndi la ulusi wa m'litali, umene umakungidwa pa chowombera ntchito isanayambe, ndipo lachiwiri ndi la ulusi wopingasa, umene umaponyedwa uku ndi uku pampata wotseguka pamene maulusi ena a m'litali atukulidwa, ena n'kutsala pansi. Chowombera changa chili ndi mafelemu 8 otukulira ulusi, ndipo ndinalowetsa maulusi motsatana, woyamba m'felemu yoyamba, wachiwiri m'yachiwiri, mpaka wa nambala 8, kenako n'kuyambiranso. Malowetsedwe amenewa ndi osavuta, komabe amalola kuwomba mitundu itatu ikuluikulu imene nsalu zambiri zimachokerako, yomwe ndi mawombedwe wamba, twill ndi satini, pongosintha mafelemu otukulidwa pa ulendo uliwonse wa ulusi wopingasa.

Chigawo chilichonse ndinayamba ndachijambula papepala la timabokosi. Mzere wotsika wa timabokosi umaimira ulusi umodzi wa m'litali, mzere wopingasa umaimira ulusi umodzi wopingasa, ndipo kabokosi kodetsedwa kamatanthauza kuti pamalopo ulusi wa m'litali ndiwo uli pamwamba. Munthu akazolowera kuwerenga pepalali amasiya kuona nsalu ngati chinthu chosalala chongopakidwa maluwa, n'kuyamba kuiona ngati mndandanda wa zosankha ziwiri zokha, pamwamba kapena pansi. Mfundo yomweyi ndi imene Joseph Marie Jacquard anagwiritsa ntchito ku Lyon m'dziko la France mu 1804 popanga makina owerenga makadi obooledwa, pamene bowo kapena kusowa kwa bowo kumalamula ngati ulusi utukulidwe kapena ayi. Makina ake analola kuti maulusi azilamulidwa paokhapaokha m'malo mwa magulu ochepa a mafelemu, koma chiganizo chake sichisiyana ndi cha pensulo ndi timabokosi.

Pa mawombedwe wamba sindichedwapo. Ulusi wopingasa umadutsa pamwamba pa umodzi ndi pansi pa wotsatira, ndipo pobwerera umachita mosemphana. Chigawo chimenechi chinatuluka cholimba, chouma pang'ono m'manja, chofanana mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete mwake munamangika bwino popanda chithandizo chilichonse. Chimene chinandikopa kwambiri ndi chigawo chotsatira, chimene maulusi amayenda awiriawiri mbali zonse. Nsaluyo inafewa mooneka, ndipo nditaidula pang'ono m'mbali n'kuyesa kuing'amba inakana kuposa ya mawombedwe wamba. Chifukwa chake n'chakuti m'nsalu yomangika kwambiri ulusi uliwonse umakumana ndi mphamvu yong'ambayo uli wokha ndipo umaduka, pamene m'nsalu yomasuka maulusi amasendera pamodzi n'kukana ali gulu. Wokonza zovala amene amaganiza kuti nsalu yothinana kwambiri ndiyo yolimba pa chilichonse ayenera kusiyanitsa kulimba pokhulika ndi kulimba pong'ambika, pakuti ziwirizi siziyendera limodzi nthawi zonse.

Twill ndiye wanditengera nthawi yaitali, ndipo sindikudandaula. Mu twill wa 2/2 ulusi wopingasa umadutsa pamwamba pa awiri ndi pansi pa awiri, ndipo pa ulendo uliwonse dongosololi limasuntha ndi ulusi umodzi, zimene zimabereka mizere yopendekeka ija yodziwika pa masuti ndi mabuluku. Ngati maulusi a m'litali pa sentimita imodzi ali ochuluka mofanana ndi opingasa, mzerewo umapendekeka pa madigiri 45, choncho mzerewo umakhalanso chida choyezera mmene ndikugogodera ulusi wopingasa kuti upanikizane. Ndikagogoda kwambiri ndi chipeso, mzere umagona. Ndikagogoda mopepuka, umaimirira. Apa ndi pamene ndinamvetsa bwino nsalu ya gabadini, imene Thomas Burberry anaipanga mu 1879 n'kuilembetsa ngati luso lake mu 1888. Maulusi ake a m'litali ndi ochuluka kwambiri kuposa opingasa, ndipo akachuluka kawiri mzere umakwera kufika pafupifupi madigiri 63, nsalu n'kukhala yothinana moti madzi savutika kutsetsereka pamwamba pake.

Vuto limodzi la twill wa 2/2 limene mabuku ena amangolitchula mothamanga ndi la m'mphepete. Chifukwa chakuti ulusi wakumapeto nthawi zina umatsala mbali imodzi maulendo awiri otsatizana, ulusi wopingasa ukatembenuka suukola, ndipo umangolendewera m'mbali. Njira imene ndikugwiritsa ntchito ndi yoika ulusi umodzi mbali iliyonse wosalowa m'felemu iliyonse, n'kumaudutsa pamwamba polowa ndi pansi potuluka. Zimachedwetsa dzanja pang'ono, koma mphepete imatuluka yoongoka.

Twill wa 3/1 ndi amene amapanga nsalu ya jinzi. Ulusi wa m'litali umadutsa pamwamba pa opingasa atatu n'kulowa pansi pa umodzi, motero kumaso kwa nsalu kumadzaza ulusi wa m'litali pamene kuseri kumadzaza wopingasa. Popeza m'jinzi ulusi wa m'litali ndiwo umanyikidwa mu utoto wa indigo, wopingasa n'kusiyidwa woyera, buluku limaoneka labuluu kunja koma lotuwa mkati. Utotowo umangogwira kunja kwa ulusi osafika pakati pake, n'chifukwa chake m'mawondo ndi m'mphepete mwa matumba mumayera likamatha. Pa chigawo changa ndinaponya ulusi wopingasa wa utoto wina kuti ndione zimenezi, ndipo mbali ziwiri za nsalu imodzi zinaoneka ngati nsalu ziwiri zosiyana. Nditachapa, chigawochi chinapendekera mbali imodzi, ndipo kupendekera kotereku ndi kumene kumachititsa kuti msoko wa m'mbali mwa mwendo wa buluku la jinzi nthawi zina uzipotokera kutsogolo.

Satini amafuna masamu pang'ono. Cholinga chake ndi kubisa malo omangira ulusi powamwaza kuti asagundane, kuti diso lingoona maulusi aatali ogona moyandikana, amene amabweza kuwala n'kupangitsa nsalu kunyezimira. Satini weniweni amayambira pa maulusi 5. Pojambula, munthu amasankha nambala yodumphira kuchoka pa malo omangira amodzi kufika pa otsatira, ndipo lamulo lake ndi lakuti nambalayo isakhale 1, isakhale yochepera ndi imodzi pa chiwerengero cha maulusi, komanso pasakhale nambala yoposa 1 yogawa zonse ziwiri popanda chotsala. Pa maulusi 5 munthu angadumphe 2 kapena 3, ndipo pa maulusi 8 angadumphe 3 kapena 5. Ine ndinadumpha 3, ndipo mafelemu anatsatana motere: 1, 4, 7, 2, 5, 8, 3, 6. Pa maulusi 6 palibe nambala yokwanira lamuloli, pakuti 2, 3 ndi 4 zonse zimagawana nambala ndi 6, pamene 1 ndi 5 zimangobwezera munthu ku twill. Ndimakonda mfundo imeneyi chifukwa imasonyeza kuti si maonekedwe onse amene wojambula angawalakalake amene ulusi ungavomere.

Chigawo cha satini ndicho chinaonetsa poyera chimene ndinkafuna kuyesa. Popeza ndinasunga dala mtunda womwewo pakati pa maulusi a m'litali, ulusi wopingasa unalibe choutchinga, ndipo unapanikizana mpaka kuphimba mbali imodzi yonse, pamene nsaluyo inali yolobodoka moti chala chinkatha kusuntha maulusi. Chifukwa chake chimawerengeka. Pa maulusi 8 aliwonse, ulusi wopingasa umasintha mbali maulendo 8 m'mawombedwe wamba, maulendo 4 mu twill wa 2/2 kapena wa 3/1, ndi maulendo 2 okha mu satini wa maulusi 8. Paliponse pamene wasintha mbali pamafunika mpata wolingana ndi kunenepa kwa ulusiwo. Thomas Ashenhurst, amene ankaphunzitsa za nsalu ku Bradford m'dziko la England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anaika zimenezi m'masamu osavuta: tengani chiwerengero cha maulusi okwana pa mtunda wina atagona moyandikana, muchulukitse ndi maulusi a m'dongosolo limodzi, kenako mugawe ndi maulusi omwewo mutawaphatikiza ndi maulendo osintha mbali. Tiyerekeze kuti maulusi 20 amadzaza sentimita imodzi. Mawombedwe wamba angalole maulusi 10 pa sentimita, twill wa 2/2 angalole pafupifupi 13, ndipo satini wa maulusi 8 angalole 16. Manambala amenewa ndi malire apamwamba, ndipo nsalu yovala imafuna kuchepetsako kuti igwe bwino pathupi, koma akuonetsa kuti munthu sangasankhe mawombedwe payekha n'kusankha kuthinana kwa ulusi pambuyo ngati nkhani ina. N'chifukwa chake satini wabwino amadya ulusi wambiri, ndipo satini wowombedwa moumira ulusi amatseguka m'misoko chovala chikangokokeka.

Nditamaliza zigawo zimenezi ndinayala ulusi watsopano wamitundu iwiri, anayi akuda ndi anayi oyera mosinthana, n'kuponyanso wopingasa m'dongosolo lomwelo pa twill wa 2/2. Chimene chimatuluka ndi timabokosi tamano tija totchedwa houndstooth, tooneka ngati tojambulidwa mwaluso lalikulu pamene kwenikweni tikuchokera pa kukumana kwa dongosolo la mitundu ndi dongosolo la mafelemu. Sitayelo imeneyi ndi yakale kwambiri, pakuti chofunda chaubweya chimene chinapezeka ku Gerum m'dziko la Sweden, chokhala ndi zaka zoposa 2,000, chili ndi maonekedwe amtundu womwewu. Pa theka lina la ulusi woyalidwawo ndinasintha malowetsedwe kuti ndipeze herringbone, amene mizere yake imatembenuka ngati minga ya nsomba. Munthu akangobwerera m'mbuyo, 1, 2, 3, 4, 3, 2, 1, pamalo otembenukira pamakhala ulusi wodumpha atatu, umene ndi wautali kuposa ena onse. Akadumpha felemu imodzi potembenuka, 1, 2, 3, 4 kenako 2, 1, 4, 3, palibe ulusi wodumpha oposa awiri, ndipo pamatsala mzere wodukiza wakuthwa umene kwa ine ndiwo umakongoletsa nsalu ya jekete.

Zigawo zonse ndinazichapa ndi kuzisita ndisanaziweruze, chifukwa nsalu yongochoka pa chowombera imakhala isanakhazikike. Maulusi akamasuka m'madzi amapindika mozungulirana, nsalu imafupika, ndipo mabowo ooneka poyamba amatsekeka. Kenako ndinadula tizidutswa tofanana kukula n'kutikoka mbali zitatu. M'litali simunatambasuke kwenikweni, popeza ulusi wake unawombedwa uli wokungika. Chopingasa chinalola pang'ono. Koma chopendekeka, pa madigiri 45, chinatambasuka kwambiri pa zigawo zonse, chifukwa kumeneko maulusi satanuka koma amangosintha mapinganidwe awo. Apa ndi pamene pagona tanthauzo la muvi wojambulidwa papatani yodulira, umene umayenera kulingana ndi mphepete ya nsalu, ndipo ndi pamenenso Madeleine Vionnet anamangapo luso lake ku Paris m'zaka za m'ma 1920, podula madiresi chopendekeka kuti nsalu yosatanuka izikumbatira thupi. Twill ndi satini anagwa mofewa kuposa mawombedwe wamba, koma analinso ofulumira kuyoyoka m'mbali modulidwa, moti wosoka ayenera kusiya malo okulirapo a msoko kapena kuubisa mkati.

Kwa wophunzira amene alibe chowombera, ntchito yothandiza kwambiri ndi yosolola. Amatenga kachidutswa ka nsalu, singano ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kumatulutsa ulusi wopingasa umodziumodzi uku akudetsa timabokosi papepala, mpaka dongosolo litayamba kubwereza. Ndayamba kuchita zimenezi ndi zotsala za malaya, ndipo nsalu ya popilini yandisonyeza kuti ngakhale mawombedwe wamba amabereka timizere topingasa ngati maulusi a m'litali achuluka kwambiri kuposa opingasa. Chotsatira pa chowombera ndi kubwereza satini yemweyu pa ulusi wothinana motsatira masamu a Ashenhurst, kenako n'kuwomba mizere ya satini wa kumaso moyandikana ndi ya satini wa kuseri pa nsalu imodzi, monga zimakhalira m'nsalu ya damasiki. Zimenezi zidzafuna magulu awiri a mafelemu, ndipo satini wa maulusi 5 m'magulu awiri amafuna mafelemu 10, choncho pa mafelemu 8 amene ndili nawo ndiyamba ndi twill wa 3/1 moyang'anizana ndi wa 1/3, anayi mbali iyi ndi anayi mbali inayo.