Musalipire zoyeretsa mano adokotala asanaone nkhama zanu

Ngati mukamatsuka mano mumalavula magazi, kapena mukaluma chimanga chootcha pachitsononkho pamatsala timagazi, nkhani yoyeretsa mano iikeni kaye pambali. Ine ndangothana nazo kumene kuno ku Lusaka. Mano ayera ndithu, koma mtima wanga sunaphwe chifukwa cha zomwe anandichita pa desiki ya kiliniki ina ya mano.

Nditafika n'kunena chomwe ndadzera, mtsikana wa pa desikiyo anati, "Amayi, lipirani kaye zonse, adokotala akuonani mukabwera ndi risiti." Ndinalipira. Pampando paja, adokotala anatenga kachitsulo kokhala ndi timizere ta mamilimita n'kuyamba kuyeza mpata wa pakati pa dzino ndi nkhama. Anati nkhama zabwinobwino mpatawo umakhala mamilimita 1 mpaka 3, ukafika 4 kupita m'tsogolo ndiye kuti chiseyeye chazika mizu. Kumano anga akumbuyo anapeza 5. Pompo anavula magolovesi n'kunena kuti lero kuyeretsa ayi, tichize kaye nkhama.

Adokotalawo ndilibe nawo mlandu, anachita zoyenera. Mlandu uli pa desiki. Ndinapempha kuti andibwezere ndalama, akuti wosunga ndalama watuluka. Nditabweranso, akuti kompyuta siilola kubweza risiti ikatuluka. Tsiku lina ndinapempha kuntchito, ndinakwera minibasi m'mamawa kuchokera ku Chilenje, ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka kudikira bwana yemwe sanabwere n'komwe. Kodi n'chifukwa chiyani mumalandira ndalama ya chinthu chomwe simunadziwe ngati munthuyo akuyenera kuchitidwa? Pamapeto pake anavomera kuti ndalamazo zipite ku chithandizo cha nkhama, koma zotsala anazigwirabe mpaka tsiku loyeretsa. Choncho lipirani ya kuonana ndi dokotala yokha basi. Zina zonse pambuyo.

Chifukwa chomwe adokotala anakanira kuyeretsa n'chomveka. Mankhwala oyeretsa mano ndi hydrogen peroxide kapena carbamide peroxide. A carbamide a 10 peresenti, omwe amakupatsa kuti uzikaika kunyumba, mphamvu yake ndi pafupifupi 3.5 peresenti ya hydrogen peroxide, pomwe a pampando wa dokotala amatha kufika 35 kapena 40 peresenti. Kuthira zimenezi pa nkhama zotupa kuli ngati kuwaza tsabola pachilonda: zimapsa, zimatuwa, zimasupuka. Komanso chiseyeye chikakhalitsa nkhama zimabwerera m'mbuyo, muzu wa dzino n'kukhala pamtunda. Muzuwo ulibe chikutiro cholimba chija cha enamel, ndiye mankhwala amalowerera msanga kufupi ndi mtsempha, madzi ozizira okha n'kumakudzidzimutsa. Ndipo muzu suyera mofanana ndi dzino lakumtunda, umatsala wachikasu.

Ndisanaiwale, ku European Union lamulo lawo limati mankhwala opitirira 0.1 peresenti ya hydrogen peroxide azidzera kwa dokotala wa mano, ndipo malire ake ndi 6 peresenti. Ndiye taganizirani timabotolo tija timagulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp, tina topanda n'chizindikiro chomwe chonena mphamvu yake, kapena kuyeretsa kwa mu saluni komwe palibe woyeza nkhama. Makala, soda ndi mandimu nazonso zisiyeni. Zimapala dzino, ndipo muzu womwe uli pamtunda umaperepeseka msanga.

Chithandizo chenichenicho chinali kupala zokakamira zija zolimba ngati mwala, pamwamba ndi kunsi kwa nkhama, amati scaling. Kunsiko anandibaya kaye jakisoni wochititsa dzanzi. Chodabwitsa n'chakuti atangopala, mano anaoneka owala kale, chifukwa zambiri zinali za tiyi. Anandipatsa chlorhexidine wochukuchira m'kamwa kwa kanthawi kochepa. Ameneyu musamupitirire masiku omwe mwauzidwa, amadetsa mano n'kukhala ofiirira. Kenako kudikira masabata angapo, mswachi wofewa, ulusi wochotsera zotsalira pakati pa mano, n'kubwerera kukayezedwanso. Anandifunsanso za shuga ndi fodya, poti shuga amakulitsa chiseyeye, ndipo fodya amabisa magazi munthu n'kumaona ngati nkhama zili bwino.

Magazi atasiya ndi pomwe anandipangira timapulasitiki toumbidwa molingana ndi mano anga, todulidwa bwino kuti mankhwala asafike pa nkhama, ndipo anasankha ofooka aja. Mano akayamba kuwawa ndinkapumira tsiku limodzi.

O, za NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo kuno ku Zambia. Pitani ndi nambala yanu mukafunse ngati kiliniki ili pa mndandanda wawo ndiponso ngati kupala kuja angakulipirireni, koma kuyeretsa amakuwerengera ku zokongoletsa, ndiye konzani m'thumba. Yang'ananinso pakhoma ngati pali chiphaso cha Health Professions Council of Zambia. Ndipo ndibwereze: musatulutse ndalama ya kuyeretsa musanayezedwe nkhama, ngakhale akuuzeni kuti mtengo wotsikawo ukutha lero.

Chomwe chanditsalira ndi dzino lakutsogolo lomwe anandimata kalekale. Zomatira siziyera ndi mankhwala, ndiye pano likuoneka loderako pakati pa anzake, ndipo kulimatanso ndi ndalama ina. Imeneyo ndikakachitira kwina.