Kubwezeretsa penti wa Hilux yakale popanda kuipopera mwatsopano

Pikapu imene ndimayendera ndi Toyota Hilux yofiira, ya m'gulu limene linapangidwa kuyambira 1988 mpaka 1997, ndipo ili ndi injini ya dizilo ya malita 2.8 imene amakanika amaitcha 3L. Inali ya malume anga, amene ankanyamulira fodya, chimanga ndi feteleza kwa zaka zambiri asanaipereke kwa ine. Injini ndi giyabokosi anazisamala kwambiri, koma galimotoyo sinagonepo m'galaja, moti pamene inkafika m'manja mwanga boneti ndi denga zinali zitatuwa mbuu, ndipo munthu akatsamira pachitseko ankachokapo ndi ufa wofiirira pamalaya. Pafupifupi aliyense amene anaiona anandilangiza kuti ndikaipopetse penti wina. Ine ndinasankha kuyamba ndayesa kupulumutsa penti amene inabwera naye kuchokera kufakitale, chifukwa ndikukhulupirira kuti mapikapu ambiri akale amapoperedwa nthawi yake isanakwane, eni ake asakudziwa kuti pansi pa kutuwako pali mtundu wabwinobwino.

Chinthu choyamba kudziwa ndi mtundu wa penti amene ali pagalimoto yanu, pakuti pali mitundu iwiri imene imakalamba mosiyana. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi penti wopereka mtundu pansi, ndipo pamwamba pake anakutirapo wina woonekera mkati wotchedwa clear coat, amene ndiye amawala ndi kulimbana ndi dzuwa. Njira imeneyi inafala m'zaka za m'ma 1980, koma mapikapu ambiri a mitundu wamba monga yoyera ndi yofiira anapitiriza kupakidwa penti wa mtundu wakale, amene mtundu ndi kuwala zili pamodzi m'penti mmodzi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: mumatenga kansalu koyera, n'kudonthezerapo polishi pang'ono, n'kutikita pamalo obisika. Kansaluko kakasintha mtundu, ndiye kuti penti wanu alibe clear coat. Kanga kanafiira nthawi yomweyo, ndipo pamalo pamene ndinatikitapo panatsala kadontho kofiira kwambiri pakati pa boneti yotuwa. Kadontho kameneko ndi kamene kanandilimbitsa mtima.

Chimene chimachitika ndi chakuti kuwala kwa dzuwa pamodzi ndi mpweya zimaphwanya pang'onopang'ono zomatira zimene zimagwira utoto m'penti, ndipo utotowo umatsala pamwamba uli wouma ndi wosagwirana. Umenewo ndiwo ufa uja wothimbiriritsa malaya. Kuwonongekaku kumayambira pamwamba kupita pansi, motero ngati penti akadali wochindikala, kuchotsa kachigawo kakufako kumavumbula penti wamoyo. Penti wa clear coat akawonongeka nkhani yake ndi ina: amayamba ndi zigamba zoyera, kenako amasupuka, ndipo palibe polishi amene angamubweze.

Ndisanayambe ndinakafunsa nzeru kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akuwongola ndi kupopera magalimoto moyo wake wonse. Ngakhale kuti ntchito yopopera ikanawapatsa ndalama, iwo anandiuza kuti ndisafulumire. Anandifotokozera kuti penti wa kufakitale amaotchedwa m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 140, galimoto isanaikidwe mipando, magalasi ndi mawaya, ndipo pansi pake pamakhala pulaimala, penti woyambirira wogwira pachitsulo, amene bodi yonse inamizidwamo. M'galaja wamba zimenezi sizingatheke, ndipo kupopera kotsika mtengo nthawi zambiri kumangokwirira dzimbiri limene limadzatumphuka pakatha mvula ziwiri. Koma anandichenjezanso kuti penti yense wa kufakitale, kuyambira pachitsulo mpaka pamwamba, amangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kuchindikala kwake ngati pepala lolembapo, ndipo chimene mwachotsa sichibwereranso. Mawu amenewa ndi amene anatsogolera ntchito yonse: kuchotsa pang'ono zedi, n'kusiya pamene mtundu wabwerera.

Kutsuka n'kumene anthu ambiri amakupeputsa, chonsecho mizere yambiri imene imaoneka papenti dzuwa likawomba imabwera potsuka. Fumbi lofiira la m'misewu yathu lili ndi timchenga, ndipo munthu akaviika nsanza imodzi m'ndowa imodzi, kuyambira kumatayala mpaka kudenga, amakhala akukwecha galimoto ndi mchengawo. Sopo wa ufa wochapira zovala ndi woipanso, chifukwa ndi waukali, amasukulutsa zoteteza penti, ndipo timibulu take tosasungunuka timakanda. Ine ndinayamba ndi kuthira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha, kenako ndinagwiritsa ntchito ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto ndi ina ya madzi otsukuluzira nsalu ndisanaibweze m'sopo, kuyambira padenga kutsika m'munsi, galimoto ili pamthunzi ndipo chitsulo chili chozizira. Madontho a tala amene anamatirira m'munsi mwa zitseko ndinawafewetsa ndi palafini pang'ono pakansalu, n'kutsukanso malowo ndi sopo.

Galimoto itauma ndinavala kajumbo kopyapyala kudzanja n'kusisita boneti. Kudzera m'pulasitikiyo zala zimamva timatuza tambirimbiri timene maso sationa: utomoni wa mitengo, tizitsulo tochokera kumabuleki ndi zina zimene zinalowerera m'penti. Zimenezi zimachotsedwa ndi dongo lopangidwira ntchitoyi, lotchedwa clay bar, limene mumaliyendetsa mopepuka pamalo onyowetsedwa ndi madzi a sopo, n'kumalipinda kawirikawiri kuti mbali yoyera ikhale kunja. Likagwa pansi muyenera kulitaya, pakuti limatola mchenga. Papenti wotuwa kwambiri dongolo limadzaza msanga, ndipo zimenezi si zodabwitsa.

Kenako panafika ntchito yeniyeni, ndipo apa m'pamene ndikufuna kukhalitsapo. Ndinamata tepi pakati pa boneti kuti ndithe kuyerekeza mbali ziwirizo, n'kusankha kamalo ka masentimita pafupifupi 50 mbali zonse. Lamulo lake ndi kuyamba ndi polishi wofewa kwambiri, ndipo mukaona kuti sakukwanira m'pamene mupite ku compound, amene ali ndi timchenga tokulirapo todya penti mofulumira. Padenga ndi paboneti polishi wofewa sanakwanire, koma m'mbali, mmene dzuwa silimenya mwachindunji, anakwanira bwino lomwe, ndipo sindinaone chifukwa chodyera penti wa m'mbalimo ndi compound pofuna kungoti galimoto yonse ichitidwe mofanana. Penti wakale wouma amamwa mafuta a m'polishi mofulumira, motero polishi amauma msanga n'kuyamba kumata. Ndinaona kuti zimathandiza kuyamba mwapaka polishi wamafuta wosadya penti, n'kumusiya kwa maola angapo asanapukutidwe, kuti pobwera ndi compound pentiyo akhale atafewako.

Makina opolishira alipo a mitundu iwiri. Ena amangozungulira malo amodzi, ndipo ndi amphamvu, koma amatenthetsa penti msanga moti munthu wosazolowera akhoza kuboola mpaka papulaimala m'kanthawi kochepa. Ena, otchedwa dual action, amazungulira uku akugwedezeka, ndipo amachedwerapo koma savuta kuwalamulira. Ndinabwereka a mtundu wachiwiriwu, ndipo ndikulangiza aliyense amene akuyamba kuti achite chimodzimodzi, kapena agwiritse ntchito manja ngati makina palibe, ngakhale kuti mapewa amamva. Makinawo amayendetsedwa pang'onopang'ono, chopingasa kenako chotsika, mzere uliwonse ukulowerera pa unzake, ndipo siponji iyenera kugona yonse papenti osati kupendekeka. Papenti wopanda clear coat siponji imafiira ndi kudzaza penti wakufa pakangopita kanthawi, ndipo ikadzaza imasiya kudya n'kuyamba kupaka matope, choncho imafunika kuipala ndi kaburashi mukamaliza kamalo kalikonse ndi kukhala ndi zina zosinthira. M'mphepete mwa boneti, m'makona a zitseko ndi pamizere yotukuka ya bodi penti amakhala wopyapyala kuposa pena paliponse, ndipo malo amenewo ndinawaphimba ndi tepi n'kudzawamaliza ndi dzanja. Nditamatula tepi ya pakati ija, mbali imodzi inali yotuwa ndi youma, pamene inayo inali yofiira kwambiri moti nthambi za mtengo wa mango umene ndinaimika pansi pake zinkaonekeramo bwinobwino.

Pali malo amodzi padenga, chakutsogolo, pamene ndinaona kuti kufiira kwayamba kuchepa ndipo kamtundu kotuwa ka pulaimala kakuonekera chapansipansi. Pamenepo ndinasiyira pomwepo. Dengalo silinawale mofanana ndi boneti, koma ndinaona kuti ndi bwino likhale ndi penti wosawala kwenikweni kusiyana ndi kuti likhale ndi chigamba cha pulaimala chimene chingafune kupoperedwa.

Zokandika ndinaziyesa ndi chikhadabo. Mzere umene chikhadabo chimadutsa osakodwa umatha kapena kuchepa ndi polishi, koma umene chikhadabo chikukodwamo ndi wozama, ndipo kuuthamangitsa ndi sandipepa ndi kuwononga penti wabwino wozungulira. Mizere yotereyi, pamodzi ndi timabala ta miyala kutsogolo kwa boneti, ndinaidzaza ndi penti pogwiritsa ntchito kaburashi kosongoka, kadontho kamodzikamodzi. Pamagalimoto a Toyota nambala ya mtundu wa penti imalembedwa pakachitsulo kapena kapepala ka fakitale, pafupi ndi zilembo C/TR, ndipo pagalimoto zakale kachitsuloko kamapezeka m'chipinda cha injini. Mwachitsanzo 040 ndi mtundu woyera umene uli pamagalimoto awo ambiri. Komabe penti amene wakhala padzuwa zaka 30 safanana ndendende ndi nambala yake, motero ndi bwino kutengera osakaniza penti kachitseko ka thanki ya mafuta mutakapolisha kale, kuti ayerekeze ndi maso.

Sikuti zonse zinatheka. Chitseko cha mbali ya dalaivala chinawongoledwa kalekale galimoto itagundidwa, ndipo amene anachipopera anagwiritsa ntchito penti wa clear coat, amene tsopano akusupuka chakumtunda pafupi ndi galasi. Pamenepo sindinayese n'komwe kupolisha, chifukwa makina akanangokulitsa chilondacho. Vuto lalikulu koposa linali kumbuyo konyamulira katundu. Feteleza amakoka chinyontho ndipo amadya chitsulo, motero timibulu timene tinkatayika m'matumba n'kutsalira m'makona ndi pansi pa mphira woyala tinasiya dzimbiri lambiri. Ndinachotsa mphirawo, ndinapala dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chitaoneka, ndinapaka mankhwala a asidi wa phosphoric amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala kachikopa kakuda, kenako pulaimala ndi penti wolimba wakuda. Amene mumanyamula feteleza nyengo ya dzinja ikamayandikira, chonde muzitsuka kumbuyoko ndi madzi ambiri tsiku lomwelo, ndipo muzionetsetsa kuti timabowo totulutsa madzi sitinatsekeke.

Penti wopolishidwa amakhala wosatetezeka, ndipo wa mtundu wakalewu akhoza kuyambanso kutuwa m'miyezi yochepa ngati asiyidwa choncho padzuwa la mwezi wa Okutobala. Ndinapaka wax, phula loteteza penti, mopyapyala, n'kumupukuta atangoyamba kuuma. Wax wa carnauba, amene amachokera kumasamba a mgwalangwa wa ku Brazil, amakometsa kwambiri mtundu wofiira koma sakhalitsa pamalo otentha, pamene zoteteza zopangidwa m'fakitale zimapirira nthawi yotalikirapo. Ine ndimaika chopangidwacho pansi ndi carnauba pamwamba. Chizindikiro choti nthawi yopakanso yakwana ndi madzi: akasiya kupanga timadontho tozungulira n'kuyamba kuyala paboneti, chitetezo chatha. Zitosi za mbalame ndimazichotsa ndikangoziona, ndi nsalu yonyowa, chifukwa zimadya penti chitsulo chikatentha, ndipo galimoto ndikaitsuka ndi madzi a pamjigo ndimaipukuta isanaume yokha, pakuti madzi amenewa nthawi zambiri amasiya madontho oyera ovuta kuchotsa. Ndinamanganso kashedi ka malata pambali pa nyumba, ndipo m'maganizo anga kashedi kameneka kakuteteza penti kuposa mabotolo onse amene ndinagula.

Chatsala ndi chitseko chija pamodzi ndi dzimbiri limene layamba kutukula penti pakona ya galasi lakutsogolo, pansi pa mphira. Ntchito imeneyi sindidzaigwira ndekha, chifukwa galasi liyenera kuchotsedwa kuti chitsulo chowola chidulidwe ndi kuwotcherera china, komanso penti amene amapopera masiku ano, wotchedwa 2K, ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate amene amawononga mapapo, ndipo kansalu kophimba pamphuno sikateteza. Ndapangana ndi bambo aja kuti adzaigwire mvula isanayambe, ndipo andiuza kuti ndisapake wax kapena chilichonse chokhala ndi silicone pafupi ndi malo amenewo, chifukwa chimalepheretsa penti watsopano kugwira. Adzapopera chitseko chokhacho ndi chimango cha galasi, ndipo mtundu adzausakaniza poyerekeza ndi chitseko cha mbali inayo, chimene tsopano chabwerera mwakale.